Kulamula Kompyuta ya Linux Polemba: Kabuku ka Pabanja

Kabuku kano ndi ka banja limene lili ndi kompyuta ya Linux, kaya ndi laputopu imene anatumiza wachibale wa ku Joni, kaya ndi yogula kwa wina amene anaigwiritsapo ntchito, ndipo wokonza anaikamo Ubuntu kapena Linux Mint m'malo mwa Windows. Ena afika pa Linux chifukwa pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, pomwe Windows 11 imakana kulowa m'makompyuta ambiri akale. Linux imalowa, imayenda bwino, ndipo ndi yaulere. Kuikopera ndi kuigawira mnansi si kuba, eni ake analola.

M'kompyuta yotere muli pulogalamu yotchedwa Terminal. Ndi zenera lopanda zithunzi, momwe munthu amalemba lamulo, n'kudina Enter, kompyuta n'kuchita zimene yauzidwa. Ambiri akaliona amalitseka msangamsanga poopa kuwononga zinthu. Manthawo ndi omveka, koma akutayitsa mabanja ndalama. Disiki ikadzaza, kompyuta ikauma, magetsi akathima pulogalamu ili mkati molowa, kapena fulashi ikabwera kuchokera kosindikiza mafayilo onse atasowa, mankhwala ake nthawi zambiri amakhala mzere umodzi kapena iwiri yolemba. Ulendo wa minibasi wopita kwa wokonza umakhala wosafunika. Komanso wodziwa akakhala kutali, n'chapafupi kuti akutumizireni mzerewo pa WhatsApp kusiyana n'kuti azikulongosolerani pa foni malo odina.

Chinanso cholimbitsa mtima n'chakuti zimene muphunzire pano sizitha msanga. Malamulo monga ls, cp ndi rm anachokera ku Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs ku America mu 1969. Richard Stallman atayambitsa ntchito ya GNU mu 1983, iye ndi anzake anawalembanso kuti akhale a aliyense. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba phata la Linux, ndipo mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa Ubuntu yoyamba, yomangidwa pa Debian. Maonekedwe a sikirini asintha kambirimbiri m'zaka zonsezi, koma malamulowa akadali omwewo.

KUTSEGULA NDI KUMVANA NAYO

Dinani mabatani atatu pamodzi: Ctrl, Alt ndi T. Zenera likatseguka muona mzere wonga uwu:

banja@laputopu:~$

Mawu oyambawo ndi dzina limene mumalowera m'kompyuta, achiwiriwo ndi dzina la kompyutayo. M'kabuku kano tagwiritsa ntchito dzina lakuti banja. Inu muziikapo lanu. Kachizindikiro kopindika ~ kakutanthauza kuti muli m'foda yanu yaikulu, imene imasunga Documents, Pictures, Music ndi Downloads. Chizindikiro cha $ chikutanthauza kuti kompyuta ikudikira lamulo. Mukadzaona # m'malo mwa $, dziwani kuti mwalowa ngati mwini mphamvu zonse, wotchedwa root. Lembani exit kuti mutulukemo.

Pali makhalidwe atatu a Terminal amene muyenera kuwazolowera musanapite patali. Loyamba, imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, moti Documents ndi documents kwa iyo ndi maina awiri osiyana. Lachiwiri, mpata wapakati pa mawu ndi wofunika, chifukwa ndi umene umasonyeza pamene mawu athera. Lachitatu, ndipo ili ndi limene limasokoneza ambiri, lamulo likayenda bwino kawirikawiri Terminal siyankha kanthu. Imangobweretsanso $ n'kudikira. Imalankhula pakakhala vuto. Choncho ikakhala chete musabwereze lamulo poganiza kuti sinamve.

Lamulo likayamba kuchita zimene simukuzimvetsa, kapena likuchedwa kutha, dinani Ctrl ndi C. Mu Terminal mabatani amenewa sakopera mawu, amaimitsa ntchito. Kukopera ndi Ctrl, Shift ndi C, kumata ndi Ctrl, Shift ndi V.

MULI PATI, NDIPO MULI CHIYANI MMENEMO

Gawo lino ndi limene tikukupemphani kuti mulibwereze mpaka manja azolowere. Zinthu zambiri zimene zimawonongeka mu Terminal zimawonongeka chifukwa munthu walemba lamulo lolondola ali m'foda yolakwika.

Nthawi iliyonse Terminal imakhala itaima m'foda inayake. Kuti mudziwe foda yake, lembani:

pwd

Iyankha, mwachitsanzo, /home/banja. Timizere topendekekato tikulekanitsa mafoda, kusonyeza kuti foda ya banja ili mkati mwa foda ya home. Kuti muone zimene zili m'foda imene mwaimamo, lembani:

ls

Zilembo zake ndi l ya mawu akuti lero ndi s, osati nambala 1. Mukafuna kuona kukula kwa fayilo iliyonse ndi tsiku limene inasinthidwa komaliza, lembani ls -lh. Mukafuna kuona ndi zobisika zomwe, lembani ls -a. Mafayilo obisika a Linux maina awo amayamba ndi kadontho, ndipo ambiri ndi amene mapulogalamu amasungamo makonzedwe awo. Aoneni, koma asiyeni momwemo.

Kulowa m'foda ina ndi cd, kenako mpata, kenako dzina la fodayo:

cd Documents

Kubwerera m'foda ya kumbuyo ndi cd .. (timadontho tiwiri, mpata uli pakati pa cd ndi timadonthoto). Mukasochera, lembani cd yokhayokha, ndipo mubwerera ku foda yanu yaikulu.

Dzina likakhala ndi mpata, monga Zithunzi za ukwati, Terminal iganiza kuti mwatchula zinthu zitatu. Litsekereni motere:

cd "Zithunzi za ukwati"

Koma pali njira yabwino kuposa kulemba dzina lonse. Lembani zilembo ziwiri kapena zitatu zoyamba, monga cd Zit, n'kudina batani la Tab. Kompyuta imaliza yokha dzinalo, n'kukonza yokha za mipatayo. Ikapanda kumaliza, dinaninso Tab, ikusonyezani maina onse oyamba ndi zilembo zimenezo. Ikapanda kusonyeza kanthu ndiye kuti m'fodamo mulibe chinthu cha dzina limenelo, ndipo mwadziwiratu musanalakwitse. Amene wazolowera Tab salakwitsa maina. Batani la muvi woloza m'mwamba nalo limabweretsa malamulo amene munalemba kale, limodzi ndi limodzi, ndipo history imawaonetsa onse pamndandanda.

Fayilo ikasowa, monga kalata yofunsira ntchito imene mukukumbukira kuti dzina lake linali ndi mawu akuti kalata, lembani:

find ~ -iname "*kalata*"

Kanyenyezi * kamaimira zilembo zilizonse, choncho lamuloli lipeza fayilo iliyonse imene dzina lake lili ndi mawu amenewo, kaya ndi m'zilembo zazikulu kapena zazing'ono. Ngati dzina mwaiwala koma mukudziwa kuti munailemba dzulo kapena lero, find ~/Documents -type f -mtime -2 ionetsa mafayilo amene asinthidwa m'masiku awiri apitawa.

KUPANGA, KUKOPERA, KUSUNTHA

Foda yatsopano imapangidwa ndi mkdir. Mwachitsanzo, mkdir Banki_ya_mmudzi. Taika kamzere kapansi m'malo mwa mipata dala, kuti dzinalo lisamavute kulemba.

Kukopera ndi cp. Mumayamba kutchula chimene mukukopera, kenako kumene chikupita:

cp masheya.ods Banki_ya_mmudzi/

Ngati mukukopera foda yonse ndi zamkati mwake, onjezani -r, monga cp -r Sukulu Documents/. Kusuntha ndi mv, ndipo lamulo lomweli limasinthanso dzina. Mukalemba mv kalata.odt kalata_ya_mfumu.odt, fayilo ikhala pomwepo koma ndi dzina latsopano.

Chenjerani ndi ichi: cp ndi mv zikapeza fayilo ya dzina lomwelo kumene zikupitako, zimaifafaniza n'kuikapo yatsopanoyo osafunsa. Kaundula wa ngongole wa mwezi uno akhoza kufafanizidwa ndi wa mwezi watha mwa njira imeneyi. Lembani cp -i ndi mv -i nthawi zonse, kuti kompyuta izifunsa isanafafanize. Ikafunsa, y ndi kuvomera, n ndi kukana.

Kulemba kanthu kachidule, monga mndandanda wa amene atenga chimanga pangongole, sikufuna pulogalamu yaikulu. Lembani nano ngongole.txt, lembani zimene mukufuna, sungani ndi Ctrl ndi O kenako Enter, tulukani ndi Ctrl ndi X. Kuwerenga osasintha kanthu ndi cat ngongole.txt.

LAMULO LOFUFUTA

Mukafufuta fayilo ndi mawusi, imapita mu Trash, ndipo mukasintha maganizo mumaitengamo. Lamulo la rm silitero. Kufufuta ndi mawusi kuli ngati kutaya pepala kudzala, komwe mukhoza kukalitola mawa. Rm ndi kuliponya pamoto. Alipo mapulogalamu oyesa kubweza zofufutidwa, koma nthawi zambiri sabweza zonse, ndipo musadalire zimenezo pa zithunzi za maliro a agogo kapena pa satifiketi ya mwana.

Tikulangiza banja lililonse kuti pa mafayilo a tsiku ndi tsiku lisagwiritse ntchito rm. Pa Ubuntu ndi Mint pali lamulo lina limene limatumiza fayilo ku Trash monga umachitira mawusi:

gio trash chithunzi.jpg

Ngati mwaganiza zogwiritsa ntchito rm ndithu, tsatani dongosolo ili osalumpha. Lembani pwd, muone ngati muli m'foda yoyenera. Kenako lembani ls pamodzi ndi dzina limene mukufuna kufufutalo, mwachitsanzo ls *.mp3, muwerenge mndandanda wonse umene watuluka. Zimene mwaonazo ndi zimene zifufutike. Mukakhutira, dinani muvi woloza m'mwamba, chotsani ls n'kuikapo rm -i, osasintha china chilichonse. Ndi -i kompyuta ifunsa pa fayilo iliyonse.

Taonani kusiyana kwa mizere iwiri iyi:

rm *.mp3

rm * .mp3

Woyamba ufufuta nyimbo zokha. Wachiwiri, chifukwa cha mpata umodzi umene walowa pambuyo pa kanyenyezi, ufufuta fayilo iliyonse ya m'fodamo, kenako udandaula kuti sunapeze fayilo yotchedwa .mp3. Podzafika dandaulolo zonse zimakhala zitapita. Ichi n'chifukwa chake tikulimbikira kuti muziyamba ndi ls.

Lamulo la rm -r limafufuta foda ndi zonse zamkati mwake, ndipo likaphatikizidwa ndi f, kukhala rm -rf, silifunsa ngakhale pang'ono. Pa intaneti pali anthu amene amapatsa ongoyamba kumene malamulo otere ponena kuti amafulumizitsa kompyuta. Mzere uliwonse umene uli ndi rm -rf, makamaka wotsatana ndi /, ~ kapena *, musaulembe pokhapokha mutamvetsa mawu ake onse. Auzeninso ana zimenezi, poti ndi iwo amene amakonda kukopera zinthu pa intaneti.

FULASHI NDI KUSUNGA ZA BANJA MALO AWIRI

Disiki ya laputopu yakale ikhoza kufa tsiku lililonse osachenjeza, ndipo laputopu imabedwa. Chinthu chimene chili malo amodzi okha n'chosatetezeka. Ngati m'kabuku konse kano mungatolemo chizolowezi chimodzi, chikhale cha m'gawo lino.

Lowetsani fulashi, dikirani pang'ono, n'kulemba lsblk. Patuluka mndandanda wa madisiki, ndipo fulashiyo muizindikira ndi kukula kwake. Kumapeto kwa mzere wake kwalembedwa malo amene yalumikizidwa. Pa Ubuntu ndi Mint kawirikawiri amakhala /media/banja/ kenako dzina la fulashiyo. Pa mitundu ina ya Linux, monga Fedora, amayamba ndi /run/media/. Tinene kuti yanu ikutchedwa FULASHI. Lembani:

cp -ruv ~/Documents ~/Pictures /media/banja/FULASHI/

Chilembo r chikuti mafoda onse ndi zamkati, v chikuti onetsa zimene ukukopera, ndipo u chikuti kopera zatsopano ndi zimene zasintha zokha. Ulendo woyamba zitenga nthawi. Maulendo otsatira zizitha msanga, chifukwa zimene zili kale pa fulashi sizikoperedwanso. Sankhani tsiku, kaya Loweruka madzulo, lembani mzerewu papepala, mumate pafupi ndi pamene pamakhala kompyuta. Fulashiyo isamasungidwe m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa wakuba amatenga chikwama chonse.

Njirayi ili ndi malire ake. Fayilo ikawonongeka m'kompyuta, inu n'kukopera musanadziwe, yowonongekayo ifafaniza yabwino ya pa fulashi. Choncho pa zinthu zofunika kwambiri, monga kaundula wa gulu, kamodzi pa mwezi pangani foda ya dzina la mweziwo pa fulashi n'kukoperamo padera. Dziwaninso kuti fulashi yokonzedwa mwa mtundu wa FAT32 silandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, choncho vidiyo yaitali ya ukwati ikhoza kukana ngakhale malo alipo.

Musazule fulashi $ atangobwera. Linux imasunga zina m'chikumbumtima chake n'kumazilemba pang'onopang'ono. Lembani sync, dikirani mpaka $ abwerenso, kenako umount /media/banja/FULASHI. Lembani bwino, ndi umount, palibe n pambuyo pa u. Ikanena kuti fulashi ili pa ntchito, mwina mwaima mkati mwake. Lembani cd, muyesenso.

Pali vuto lina lodziwika kwa aliyense amene amapita ndi fulashi kosindikiza kapena kukopetsa nyimbo kumsika. Pobwera mumapeza mafoda asanduka timashotikati, ndipo pa Windows zimaoneka ngati zonse zapita. Nthawi zambiri vayilasi yotereyi sifufuta kanthu, imangobisa. Linux silabadira kubisa kwa mtundu umenewu, ndiponso mavayilasi a Windows sayenda pa Linux mwa iwo okha. Lowani mu fulashiyo ndi cd, lembani ls -la, ndipo kawirikawiri mafoda anu muwaona, mwina atasunthidwira m'foda ya dzina lachilendo kapena looneka ngati lopanda kanthu. Koperani zanuzo ku laputopu, kusiya mafayilo othera ndi .lnk, .vbs ndi .exe amene simukuwadziwa, komanso autorun.inf. Mukatsimikiza kuti zanu zonse zatseguka bwino, fomatani fulashiyo ndi pulogalamu ya Disks. Musapereke fulashi yodwala kwa mnzanu wa Windows musanaitsuke.

KOMPYUTA IKADZAZA KAPENA IKAUMA

Disiki ikadzaza kompyuta imayamba kuchita zachilendo: kukana kusunga, kuchedwa, nthawi zina kukana ndi kulowa komwe. Lembani df -h, muyang'ane mzere umene ukuthera ndi / yekha. Nambala ya peresenti ikusonyeza malo amene agwiritsidwa ntchito. Ikapitirira 90, yambani kuchotsa zina. Kuti mudziwe chimene chadya malo, lembani cd, kenako:

du -sh * | sort -h

Kamzere koimirirako kamapereka zotsatira za lamulo loyamba kwa lachiwiri, ndipo lachiwirilo likuziika m'ndondomeko, zazikulu kumunsi. M'nyumba zambiri wopalamula amakhala Downloads kapena Videos. Lowanimo, mubwereze lamulo lomwelo mpaka mutapeza mafilimu amene anaonedwa kale. Kumbukirani kuti zimene zili mu Trash zikudyabe malo, ndipo gio trash --empty imazichotseratu, choncho yang'ananimo kaye.

Pulogalamu ikauma, musathamangire kukanikiza batani lozimitsira, chifukwa kutero kukhoza kuwononga mafayilo amene anali otseguka. Tsegulani Terminal, lembani top, ndipo pamwamba pa mndandanda muona pulogalamu imene ikulemetsa kompyuta. Tulukani ndi q. Ngati ndi Firefox, lembani pkill firefox. Ngati ndi LibreOffice, lembani pkill soffice, ndipo mukadzaitsegulanso kawirikawiri imafunsa ngati mukufuna kubweza zimene munkalemba. Sikirini yonse ikauma moti ngakhale Terminal sikutseguka, dinani Ctrl, Alt ndi F3. Mufika pa sikirini yakuda yofunsa dzina ndi pasiwedi. Lowani, lembani pkill uja, kenako bwererani ndi Ctrl, Alt ndi F2 pa Ubuntu, kapena F7 pa Mint. Pa malaputopu ena muyenera kudinanso batani la Fn.

Ngati kuuma kukuchitika kawirikawiri, lembani free -h muone pansi pa mawu akuti available. Ngati patsala pochepa kwambiri nthawi zonse, chepetsani masamba otsegula mu Firefox, kapena pemphani wokonza aikemo Lubuntu kapena Xubuntu, zimene ndi zopepuka. Ndipo pogula laputopu yogwiritsidwapo ntchito imene ili ndi Linux, lembani upower -d wogulitsa ali pomwepo. Yerekezani nambala ya energy-full ndi ya energy-full-design. Yoyambayo ndi moto umene batire likusunga lero, yachiwiriyo ndi umene linkasunga lili latsopano. Ngati yoyambayo ndi theka la yachiwiriyo, mtengo utsike.

SUDO, MAPULOGALAMU NDI BANDULO

Malamulo ena amakhudza kompyuta yonse, osati mafayilo anu okha, ndipo amafuna chilolezo chapadera. Mumachipeza poyamba lamulo ndi mawu akuti sudo. Kompyuta ifunsa pasiwedi yanu, ndipo polemba simudzaona zilembo; pa makompyuta ambiri sipaoneka ngakhale timadontho. Kiyibodi sinafe. Lembani pasiwedi yonse n'kudina Enter.

Lamulo likakana ndi mawu akuti Permission denied, musangoikapo sudo kuti lidutse. Kukanako ndi chitetezo. Dzifunseni kaye chifukwa chimene mukufunira kugwira chinthu chimene si chanu. Pa ntchito za m'foda yanu sudo safunika konse.

Kumene sudo amafunika kwenikweni ndi poika mapulogalamu. Pa Ubuntu, Mint ndi Debian zimayenda motere:

sudo apt update

sudo apt install vlc

Mzere woyamba suika kanthu, umangotenga mndandanda watsopano wa mapulogalamu amene alipo. Wachiwiri ukuika VLC, yoonerera mafilimu ndi kumvera nyimbo. Ana angapindule ndi tuxtype yophunzitsa kutayipa, tuxmath ya masamu, ndi gcompris-qt ya ana aang'ono. Zonsezi zikalowa zimagwira ntchito popanda intaneti. Kuchotsa pulogalamu ndi sudo apt remove kenako dzina lake. Mapulogalamu otengedwa mwa njira imeneyi amachokera kumalo osungira a Ubuntu kapena Debian, ndipo ndi odalirika kuposa otsitsa pa masamba osadziwika.

Ubwino waukulu kwa amene amagula bandulo ndi wakuti apt imaonetsa kuchuluka kwa ma MB amene ikufuna kutsitsa, ndipo ikafuna kubweretsa zinthu zingapo imaima n'kufunsa kaye. Werengani nambalayo musanayankhe. Ngati bandulo sikwana, lembani n, palibe chimene chiwonongeke. Lamulo la sudo apt upgrade limakonzanso mapulogalamu onse ndi kutseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Musalinyalanyaze kwa miyezi yambiri, koma lichiteni pamene muli ndi bandulo yokwanira kapena Wi-Fi. Pa Ubuntu mapulogalamu ena, kuphatikizapo Firefox, amabwera mwa mtundu wotchedwa snap, ndipo amadzikonzanso okha osafunsa. Ngati mumalumikiza kompyuta ku foni, chongani m'makonzedwe a netiweki kuti intaneti imeneyo ndi yolipira pa MB, kenako lembani sudo snap set system refresh.metered=hold kuti snap azidikira intaneti ina.

Musayambe upgrade batire lili lochepa kapena pa kompyuta ya patebulo nthawi imene magetsi amakonda kuthima. Koma zikachitika ndithu, magetsi n'kuthima ntchito ili pakati, apt ikhoza kuyamba kukana chilichonse. Musathamangire kufomata. Malamulo awiri awa, motsatana, amamaliza zimene zinatsala:

sudo dpkg --configure -a

sudo apt --fix-broken install

Uthenga wakuti Could not get lock ndi nkhani ina. Ukutanthauza kuti pulogalamu ina ikuika kale zinthu, kawirikawiri kompyuta ikangoyatsidwa kumene. Dikirani mphindi zingapo, muyesenso. Malangizo ena a pa intaneti amati mufufute mafayilo a loko. Musatero, chifukwa ndi njira yachidule yowonongera zimene zinali bwinobwino. Ntchito zonse zikatha, sudo apt autoremove ndi sudo apt clean zimabweza malo pa disiki.

Dziwaninso mtundu wa Linux umene muli nawo polemba lsb_release -a. Ubuntu yosamalidwa nthawi yaitali, yotchedwa LTS, imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo imasamalidwa zaka 5: ya 22.04 mpaka 2027, ya 24.04 mpaka 2029. Ya 20.04 nthawi yake yanthawi zonse inatha mu 2025, ndipo amene akadali nayo akonze zosintha, atasunga kaye mafayilo pa fulashi.

ANA AKHALE NDI KHOMO LAWO

Kompyuta imodzi ikamagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, si bwino kuti onse azilowera dzina limodzi. Lembani sudo adduser ana, sankhani pasiwedi yawo, ndipo mafunso otsatirawo mukhoza kuwadutsa ndi Enter. Ana akhala ndi mafoda awoawo, sangagwiritse ntchito sudo, ndipo sangafufute makalata a makolo. Apa ndi pamene mwana angaphunzire Terminal momasuka, poti chimene angawononge ndi chake chokha. Pasiwedi yanu ikadziwika, isintheni ndi lamulo la passwd.

POFUNA THANDIZO

Safunsa anadya phula. Pafupifupi lamulo lililonse limadzifotokoza lokha mukalemba dzina lake kenako --help, monga cp --help, ndipo man cp imatsegula malongosoledwe aatali amene mumatulukamo ndi q. Zonsezi zili m'Chingerezi, koma sizifuna intaneti, ndipo mwana wa sekondale akhoza kuthandiza kuwerenga.

Mauthenga amene mukumane nawo kawirikawiri ndi ochepa. Command not found akutanthauza kuti mwalakwitsa kalembedwe ka lamulo, kapena pulogalamuyo mulibe. No such file or directory akutanthauza kuti dzina lalakwika kapena muli m'foda ina; bwererani ku pwd, ls ndi Tab. No space left on device akutanthauza kuti disiki kapena fulashi yadzaza.

Pofunsa munthu wodziwa, musangonena kuti kompyuta yakana. Jambulani sikirini ndi foni, kuti lamulo limene munalemba ndi yankho lonse zioneke, ndipo mutchule mtundu wa Linux wanu. Akakutumizirani mzere woti mulembe, mufunseni kuti ukuchita chiyani, makamaka ngati muli sudo, rm, dd kapena mkfs, poti awiri omalizawa amatha kufafaniza disiki yonse. Pasiwedi yanu musaitumize kwa wina aliyense. Wothandiza weniweni saifuna.

Pomaliza ntchito, kutseka Terminal ndi exit. Kuzimitsa kompyuta yonse bwinobwino ndi shutdown now, kuiyatsanso ndi reboot, ndipo zikakana onjezani sudo kutsogolo. Ngati mwasiya kompyuta ikukopera zinthu usiku, shutdown +60 iizimitsa pakatha mphindi 60. Werengerani nthawi yokwanira kuti kukopera kuthe, ndipo mukaona kuti sikutha, shutdown -c imaletsa kuzimitsako.